Ada Zondiwe, Munthu Amene Anali Mudzi Wonse

Ku Chintheche kuno tinali ndi munthu mmodzi amene ankatha kukhala mayi, wachinyamata, wolumala, msodzi ndi nkhalamba, zonsezi m'mawa umodzi dzuwa lisanafike pamutu. Dzina lawo linali Zondiwe Manda. Pamaso tinkati Ada Zondiwe, monga mmene timaitanira bambo aliyense kuno kwathu. Kumbali tinkati Ada Gulu. Tinawaika m'manda dzinja lapitali, ndipo ndati ndilembe za iwo msanga, pakuti kuno wakufa aliyense amasanduka munthu wabwino mvula ikangogwa kawiri pamanda pake.

Anali aafupi, a miyendo yowonda ngati ya kakowa, ndipo nyanja ankaiopa ngati apongozi. Anabadwira pafupi ndi madzi koma nkhafi sanaigwirepo. Unyamata wawo wonse anauthera ku Joni, kuperekera zakudya muhotela ina ya azungu, ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: jekete labulauni, ndi khosi. Khosilo ndiye linali chuma chawo. Linkavomera munthu asanamalize kuyankhula. Ukati, "Ada, lero kugwa mvula," khosi linkati inde. Mnzako akati, "Ayi, kuli ng'amba," khosi lomwelo linkatinso inde, osachita manyazi.

Munthu wotere kumudzi alibe ntchito. Koma Mulungu salenga chinthu chopanda pochiika. Analenganso anthu a kukhonsolo.

Anthu amenewa mumawadziwa. Amabwera pagalimoto yoyera, atanyamula mapepala akuluakulu omata kukhoma, kireti ya Fanta, ndi mawu amene amawakonda kuposa ana awo: "Aliyense atengepo mbali." Akuti chitukuko cha masiku ano sichiyenda popanda kumva maganizo a amayi, achinyamata, olumala, asodzi ndi okalamba. Mawu abwino. Koma tsiku lodzamva maganizowo amalisankha ali muofesi, mmene mulibe nyengo. Amabwera mu Disembala, mudzi wonse utawerama kumunda. Amabwera nthawi ya usipa, m'mawa, asodzi atangogona kumene ndipo amayi ali pathandala kuyanika. Amabwera tsiku la Umanyano, amayi onse ali kutchalitchi. Uthenga wa msonkhano amautumiza dzulo lake pafoni ya munthu amene anasamukira ku Mzuzu kalekale. Akafika amayankhula Chichewa chothira Chingerezi, pamene okalamba athu, anthu a Chitonga, Chichewa amachimva ngati mvula ya tsidya lina: ikugwa inde, koma si ya m'munda mwathu.

Choncho m'kalasi ya pasukulu, mmene misonkhanoyi imachitikira, ankapezamo mabenchi, mbuzi ya aphunzitsi, ndi Ada Zondiwe atavala jekete.

Wotsogolera a kukhonsolowo anali Fatsani, mnyamata wa kummwera, wa nsapato zosongoka ndi foni yaikulu ngati mbale. Msonkhano wake woyamba ndinauona ndi maso angawa, ndili pazenera kubisala mvula.

"Bambo, anthu ali kuti?" anafunsa Fatsani.

"Anthu ndife, bwana."

"Ndikunena magulu. Mwachitsanzo, okalamba."

"Tilipo," anatero Ada Zondiwe, n'kuloza imvi.

"Chabwino. Nanga achinyamata?"

Ada Zondiwe ananyamuka, anakakhala pabenchi lina, n'kuimika kolala ya jekete. "Tilipo, bigimani."

"Bambo, muli ndi zaka zingati inu?"

"Unyamata ndi mtima, bwana."

"Asodzi?"

Benchi linanso. Anayasamula mokweza. "Tangotsika m'bwato kumene."

"Amayi?"

Apa anakhala mwaulemu, mawondo pamodzi, manja pamiyendo, mawu n'kuwachepetsa. "NyaLongwe wandituma. Akuti zonse zimene mungatikonzere, yewu ukongwa, zikomo kwambiri."

NyaLongwe ameneyo ndi mkazi wawo Bessie, amene nthawi imeneyo anali kumunda, khasu lili m'manja, osadziwa kuti watuma munthu.

"Nanga olumala?"

Anaganiza pang'ono. Kenako anayenda motsimphina kupita pabenchi lomaliza, atagwira bondo. "Linayamba kale, bwana. Makamaka kukazizira."

Munthu wamanyazi akanakulunga mapepala ake n'kubwerera. Fatsani anayang'ana wotchi, anayang'ana anzake, kenako anamwetulira ngati munthu amene watola nkhuku yootcha kale pamsewu. Anawajambula pabenchi lililonse, chakumbuyo, cham'mbali, dzanja lili m'mwamba, kusamala kuti nkhope isaoneke kawiri. Ada Zondiwe anamwa Fanta wa gulu lililonse. Wa amayi anamwa atatembenukira kukhoma, mwaulemu.

Ubwenzi umenewo unamera mizu, ndipo unabala zipatso zimene zilipo mpaka lero. Pamsika anatimangira chimbudzi chamakono chokwera ndi masitepe, olumala atavomereza. Wolumala weniweni wa mudzi wathu ndi Noel, amene poliyo inamupha miyendo ali mwana, ndipo amayenda panjinga ya matayala atatu yopalasa ndi manja. Noel anafika pamasitepewo, anawayang'ana kuyambira pansi mpaka pamwamba, n'kuti, "N'chokongola. Ndidzalowamo pa kuuka kwa akufa." Achinyamata anavomereza bwalo la mpira m'dambo, ndipo theka la chaka amene amasewerapo ndi achule. Amayi anavomereza mjigo kuseri kwa manda. Madzi ake ndi oyera bwino, ndipo palibe munthu wamoyo amene anawalawapo.

Tikawafunsa, Ada Zondiwe ankadabwa kuti tikudandaula chiyani.

"Ada, munavomereranji mjigo kumanda?"

"Nanga munthu wachokera kutali, wandifunsa mwaulemu, ndimukanire? Ine ndinaleredwa."

"Koma simunatifunse."

"Ndikanakufunsani mukanakana. Ndiye boma likanati ku Chintheche kuli anthu ovuta."

Tinkaseka. Chimene sichikuluma iwe chimaseketsa.

Kenako kunabwera nkhani ya njira.

Mudzi wathu uli ndi njira imodzi yabwino yopita kudooko. Imayambira pamsewu wa tala, imadutsa pansi pa mango amene anabzala makolo athu, n'kukatsikira pamchenga pamene kamtsinje kamalowa m'nyanja. Pamenepo ndi pamene amayi amaviika chinangwa cha kondowole, amachapa, amatunga. Mapazi anaiponda njirayo mpaka inalimba ngati simenti, moti njinga ya Noel inkatsika yokha. Noel amasoka maukonde pansi pa mkuyu wa padooko. Asodzi akabwera ndi ukonde wong'ambika amangouponya pamiyendo pake, ndipo ana ake amadya za singano imeneyo. Njira ina ilipo, koma ndi yozungulira kudambo, ya matope m'dzinja, ya mchenga wozama m'chilimwe, yotalika moti mwana wobadwa ponyamuka amafika akukwawa.

Munthu wina wachuma, amene nkhope yake sitinaionepo, anagula malo m'mbali mwa njirayo n'kumanga loji. Alendo ake, akuti, sankakondwa ndi fungo la chinangwa choviika. Anapempha kukhonsolo kuti njira ilowe mumpanda mwake. A kukhonsolo anati zimenezo sizingatheke popanda kumva maganizo a anthu, ndipo anasankha tsiku. Linali la mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, tsiku limene tonse tinapita ku Bandawe kukaika mkulu wa mpingo. M'mudzi munatsala nkhuku. Munatsalanso Ada Zondiwe, amene anati bondo lawavuta.

Anavomera pabenchi lililonse.

Khoma linayamba kukwera mango akupsa. M'mawa wina amayi anatsika ndi mabeseni pamutu n'kupeza njerwa zafika m'chiuno pamene panali njira.

"Ada, mukumanga panjira," NyaLongwe anauza kapitawo wa amisiri.

"Njira inatha, mayi. Amayi a mudzi uno anavomera okha pamsonkhano."

Palibe anafunsa kuti amayi ake ati. Onse anatembenuka pang'onopang'ono, mabeseni ali pamutu, n'kuyang'ana NyaLongwe. Iye anatula beseni, anamanganso chitenje bwinobwino, n'kuti, "Mawa mudzere kwathu, anzanga. Tili ndi mnzathu watsopano."

Ife a kunyanja kuno ndife anthu a mpingo. Sitilanga munthu popanda dongosolo. Kutacha, amayi anaima pakhomo pa Ada Zondiwe, anatsegula ndi pemphero lalifupi, kenako NyaLongwe analowa m'nyumba.

"Ada, dzukani. Amayi anzanu akudikira."

"Amayi anzanga?"

"Si inu mayi? Boma likudziwa choncho. Ine ndine yani kuti nditsutse boma?"

Anawamanga chitenje pamwamba pa thalauza, anawaika nkhata pamutu, ndipo pankhatapo anatulapo beseni la chinangwa chosenda, lodzaza mpaka kusefukira. Jekete anakana kuvula. Anayenda pakati pa mzere, njira ya kudambo, amayi akuwalimbikitsa mwachikondi.

"Wongolani khosi, NyaManda, mutaya chakudya cha ana."

"Mwatopa kale, asisi? Kapena muli ndi pakati?"

"Musamuvute mnzathu, ndi wachilendo pabanja. Azolowera."

"Bessie," anatero Ada Zondiwe ndi mawu a munthu womira, "ine ndifa."

"Simufa. Amayi safa ndi beseni. Mukanatifunsa tikanakuuzani."

Amayi atawabweza kunyumba, kunabwera anyamata a maukonde, amene tsopano ankazungulira kudambo atasenza injini paphewa.

"Bigimani, mwasowatu pagulu. Tiyeni, mpando wanu ulipo."

"Ana anga, ine ndine nkhalamba."

"Unyamata ndi mtima, bigimani."

Anawakweza m'bwato masana mphepo ya mpoto ikuwomba. Sanapite nawo kutali, pongopitirira miyala basi, koma anthu a ku Kande akuti kulira anakumva. Ada Zondiwe anakumbatira thabwa, anaitana mayi awo amene anamwalira kalekale, n'kusanza Fanta wa zaka zonse.

Noel anabwera pomaliza. Anaimika njinga pakhomo n'kuliza belu.

"Wolumala mnzanga! Muli m'nyumba?"

Ada Zondiwe anasuzumira pazenera.

"Njinga yangayi kudambo siyenda," anatero Noel. "Koma ndamva kuti bondo lanu limapola kukatentha. Lero kwatentha. Tiyeni."

Kuyambira tsiku limenelo ntchito inali imeneyo. Mvula inabwera, dambo linadzaza, matope anafika m'mawondo. Kutsogolo Noel akupalasa ndi manja, kumbuyo Ada Zondiwe akukankha, jekete litanyowa ngati chiguduli.

"Kankhani, Ada! Pamsonkhano munali ndi mphamvu za anthu asanu."

"Noel, mwana wanga, unadya miyala?"

"Ndinadya maganizo anga. Palibe anabwera kudzawatenga, ndiye akulemera."

Dzinja lonse linatha choncho: m'mawa beseni, kenako njinga. Ndipo panachitika chozizwitsa. Zimene abusa analephera ndi maulaliki, beseni linakwanitsa. Khosi lija linauma. Ukawapatsa moni ankatembenuka thupi lonse ngati kabati.

Mwera utayamba kuwomba, mu Juni, Fatsani anaimbira foni Ada Zondiwe. Kunkabwera mlendo wa kunja, wa bungwe limene limathandiza khonsolo, ndipo ankafuna kuona ndi maso mmene anthu amatengera mbali. "Mupeze anthu angapo, ooneka bwino, osayankhula kwambiri," anatero Fatsani. Foniyo inali yokweza mawu, ndipo NyaLongwe ankapeta pafupi.

Apa a kukhonsolo anaphonya okha. Mwera ukakwiya mabwato amagona pamtunda, ndipo chinangwa sichithawa m'munda. Kwa nthawi yoyamba anasankha tsiku limene mudzi wonse unalibe chochita. Kalasi inadzaza. Mazenera anadzaza mitu. Okalamba anakhala pamphasa, anyamata anatsamira khoma, Noel anamunyamula ndi njinga yake yomwe n'kumuika kutsogolo. Fatsani atalowa anaima pakhomo ngati munthu amene wakhala akusimba za ng'ona zaka zambiri, lero n'kukumana nayo pamadzi.

Koma mnyamatayo anali wochenjera. Anati nthawi yachepa, choncho tiyankhula kudzera mwa mneneri wathu. Anagwira Ada Zondiwe paphewa n'kuwaonetsa kwa mlendoyo, mayi wamtali wa chipewa chachikulu, n'kuwatamanda m'Chingerezi. Aphunzitsi ankatinong'oneza tanthauzo lake: akuti bambo awa ndiwo pakamwa pa mudzi, chimene anena awa mudzi wonse wanena, khonsolo sinachitepo kanthu osawamva.

"Ada Manda, tauzani mlendo wathu," anatero Fatsani. "Amayi ndi okondwa ndi chitukuko?"

Ada Zondiwe anayang'ana uku ndi uku. Benchi losamukirapo panalibe. Anadikira khosi kuti liwayankhire, koma khosi linali zii. Kumbuyo kwawo NyaLongwe anatsokomola kamodzi.

"Amayi akuti ayi, bwana."

"Mwati bwanji?"

"Akuti njira. Akuti beseni ndi lolemera, dambo ndi lalitali, ndipo muli misundu. Ndaiona ndekha, bwana. Ina inandiluma pamalo osatchula."

"Chabwino, chabwino. Timve achinyamata."

"Achinyamata akuti ayi."

"Asodzi?"

"Akusanza, bwana. Ndikutanthauza kuti akuti ayi."

Fatsani anafuna kutseka msonkhano ndi pemphero, koma Noel analiza belu. "Olumala mwawadumpha, bwana. Afunseni. Ndi mnzanga wapamtima ameneyo."

"Olumala," anatero Ada Zondiwe, misozi ili m'maso, "akuti mutsegule njira msana wanga usanaduke."

Musaganize kuti kunali kulimba mtima. Munthuyo anali pakati pa Fatsani ndi NyaLongwe, ndipo anasankha amene amagona naye nyumba imodzi. Koma mlendo uja anafunsa kuti ndi njira yanji imene ikuliza mneneri wa mudzi, ndipo aphunzitsi anamufotokozera zonse, mwina n'kuwonjezerako. Fatsani anatuluka thukuta mu Juni. Analonjeza pamaso pa tonse kuti pakhoma lija aboola geti, ndipo njira ikhala ya anthu.

Tinawanyamula Ada Zondiwe m'mwamba tsiku limenelo. Tinafulumira.

A kukhonsolo anati kukula kwa geti n'kofunika kumva maganizo a anthu. Anabwera mwera utaleka pang'ono, asodzi atabwerera pamadzi, amayi ambiri atapita ku Limphasa kukamweta mpunga. Anapeza Ada Zondiwe okha. Mmisiri anawaimika pakhomapo, n'kulemba ndi choko mbali iyi ndi mbali iyo.

"Pakwana apa, bambo?"

Khosi linali louma, koma pakamwa panali pomwe paja. "Pakwana, ada. Mpaka patsala."

Geti linatuluka longokwana munthu mmodzi wowonda. Mayi amadutsa cham'mbali, beseni atalikweza m'mwamba ngati chopereka. Mnyamata wa injini amadutsa atatulutsa mpweya wonse. Tsiku lotsegulira, Noel anatsika panjinga yake akuimba. Tayala lakutsogolo linalowa. Akumbuyo awiri anagunda njerwa.

Anabwerera m'mbuyo, anayesanso, anagundanso. Anthu amene tinalipo tinasiya kuseka. Noel anatembenuka n'kuwayang'ana Ada Zondiwe, ndipo sananyoze, sanakweze mawu.

"Mwandiiwala, mnzanga."

 

Amayi anali atapeza njira yawo, anyamatanso yawo, choncho chilango chinatha. Palibe anaumirizanso Ada Zondiwe kanthu. Koma m'mawa mwake Noel asanalize belu, anawapeza ataima kale pamsewu, manja a jekete atapinda. Anakankha chilimwe chonse mumchenga wotentha. Ankakankhabe moipa, ankadandaulabe ngati mbuzi yopita kumsika, koma sanajombe. Akamufikitsa pansi pa mkuyu, masiku ena ankakwera minibasi kupita ku Boma kukapempha kuti geti likulitsidwe. Fatsani, amene kale ankawakumbatira, tsopano ankakhala ali kumsonkhano. Ankawasiya pabenchi la panja mpaka ofesi itatsekedwa. Pakamwa pa mudzi panali patayamba kupempha, ndipo pakamwa popempha khonsolo ilibe napo ntchito.

"Akuti chiyani ku Boma?" Noel ankafunsa.

"Akuti akufuna amve kaye maganizo a olumala."

"Munawauza kuti ndinu?"

"Ndinawauza. Akuti ndikunama, ndimayenda bwinobwino."

Mvula inabweranso. Mu Febuluwale dambo linawapatsa chifuwa, ndipo chifuwacho sichinachedwe nawo. Tinawaika kuseri kwa tchalitchi, mvula yamawawa ikugwa, chinangwa chili bii m'minda. Wa kukhonsolo sanabwere ndi mmodzi yemwe. Noel anamukankha anyamata mpaka pamanda. Atamupempha kuti anenepo mawu, anati, "Munthuyu ankandilowetsa m'matope dala." Anafuna kupitiriza, koma anangopukuta kumaso ndi chipewa.

Masiku a maliro atatha, NyaLongwe anakabwereka nyundo yaikulu kwa anthu oswa miyala. M'mawa wina amayi ndi anyamata anakumana pageti, anatsegula ndi pemphero lalifupi, ndipo NyaLongwe, atavala zakuda, anamenya koyamba. Muyezo wake unali njinga ya Noel. Ikagunda ankagumulanso, mpaka inadutsa osakhudza mbali.

A paloji anaimba foni. Galimoto yoyera, imene imatenga miyezi kuti ifike kuno, inafika tsiku lomwelo fumbi la njerwa lisanakhazikike.

"Waloleza zimenezi ndani?" anakuwa Fatsani. "Panali msonkhano?"

"Unalipo, mwana wanga," anatero NyaLongwe, atatsamira nyundo. "Ada Zondiwe anavomera."

"Mayi, bambo aja anamwalira."

"Ndikudziwa. Ndinalipo. Koma anavomereratu, m'malo mwa tonse. Ngati simukukhutira, akupezeka kuseri kwa tchalitchi. Pitani mukawafunse. Masiku ano satsutsa munthu."

Fatsani anayang'ana nyundo, anayang'ana amayi, anayang'ana anyamata amene anali atakhala pamulu wa njerwa. Ananena kuti nkhaniyi akaiona kuofesi. Akuionabe.

Tsopano mvula yatha. Udzu wayamba kufiira, ndipo m'mawa mphepo yayamba kuchokera kummwera. M'mudzi muli bata losazolowereka. Chinthu chikalakwika timayang'anana, dzina lotukwana palibe, ndipo mkwiyo umangozungulira pabwalo ngati galu wosowa mwini. NyaLongwe amaphikabe ndiwo zochuluka kuposa za munthu mmodzi, kenako n'kukalipira mphaka.

Ndikatsika kudooko mame asanaume, ndimapeza mizere itatu ya matayala panjira, yowongoka bwino, kudutsa pageti logumuka mpaka pansi pa mkuyu. Kumbuyo kwake kulibe mapazi a munthu. Noel safunanso womukankha. Koma pobwerera pali kachitunda pafupi ndi mango, ndipo tsiku lina ndinamumva akufika pamenepo, manja atalimba pazopalasira, akunena osatembenuka, "Kankhani, Ada." Anadikira pang'ono. Kenako anapalasa yekha n'kukwera.